Amayi Okongoletsa ndi Zokolola: Zomwe Tinaona pa Tsiku la Masika

Mwezi wa Juni chaka chino, komiti ya mpingo wathu ku Dedza inagwirizana kuti pa tsiku la chopereka cha masika tisagulenso mabaluni ndi maliboni apulasitiki monga mwa nthawi zonse, koma tiitane gulu la amayi a m'dera lathu lomweli amene amakongoletsa malo pogwiritsa ntchito zinthu za kumunda. Ine ndinali mmodzi mwa okayikira, chifukwa ndinkaopa kuti tchalitchi chidzaoneka ngati nkhokwe.

Amayiwo anafika Loweruka masana atasenza mitolo ya mapesi, ngala za mapira ndi mawere, maungu, zikho zouma ndi malichero ansungwi. Pakhomo anaimika mapesi mbali zonse ziwiri, namanga pamwamba pake ndi luzi, kenako anapachikapo chimanga chofiira ndi choyera chimene anachisenda makoko n'kuwapinda chammbuyo kuti aoneke ngati maluwa. Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali kutsogolo kwa guwa, pamene anayala mkeka wamlaza n'kuikapo malichero atatu, lina la nyemba, lina la mtedza wosasenda, lina la nzama, ndipo pakati pake anakhazika dzungu lalikulu lokhala ndi phesi lake lomwe. Dzuwa la m'mawa litalowa pa zenera, ngala za mapira zinawala mofiirira, ndipo agogo ena anaima nthawi yaitali akuzisisita, akunena kuti mbewu imeneyi anaisiya kalekale kuyambira pomwe anthu anatembenukira ku chimanga chahaibulidi.

Mtengo wake unali wotsikirapo poyerekeza ndi zomwe tinkawononga kale, makamaka chifukwa zokolola zambiri zinali zopereka za akhristu eni ake, ndipo amayiwo analipiritsa ntchito ya manja awo ndi zoluka zawo zokha.

Komabe pali zimene ayenera kukonza. Chimanga china chimene anabwera nacho chinali chitayamba kale kufumbwa, moti pofika Lamulungu anankafumbwe anali kuyenda pa nsalu yoyera ya patebulo, ndipo ufa wake unathothokera pansi. Vuto lina ndi la mapira: mankhusu ake amayabwa, koma iwo anawamangirira m'mbali mwa mabenchi a ana, ndipo ana angapo anatuluka akudzikanda m'manja. Mapira akanayenera kukhala m'mwamba kapena kutali ndi pokhala anthu.

Ngakhale zili choncho, ndikuwayamikira kwa aliyense amene akukonza chinkhoswe, ukwati kapena mwambo wa mpingo m'nyengo yokolola. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma pa zikondwerero zathu timasiyabe milu ya pulasitiki imene timaitentha kuseri kwa tchalitchi. Chaka chino panalibe choti titenthe. Maungu, nyemba ndi mtedza tinagawira okalamba ndi odwala, malichero anagulidwa ndi amayi a mumpingo, ndipo mapesi anawatenga bambo wina amene amaphimbira nawo munda wake kuti usunge chinyezi. Chaka chamawa tawapempha kuti adzabwere ndi chimanga chouma bwino, chosankhidwa chimodzichimodzi.