Kutola kapena kupatsirana: momwe mabakiteriya a m'dothi amapezera majini achilendo

Ambiri mwa ife ochokera ku Malawi kuno ku Harare tili ndi kadimba. Kanga kali ku Mufakose, ka repu ndi tomato, ndipo ndimathira manyowa a nkhuku. M'dothi lakuda limeneli mabakiteriya amapeza majini (malangizo a chibadwa cha chamoyo) omwe sanabadwe nawo, ndipo njira ziwiri ndizo ndikufuna tiziyerekeze.

Yoyamba ndi kutola. Bakiteriya akafa, DNA yake, yomwe imasunga majini, imatayikira m'dothi, ndipo wina wamoyo, monga Bacillus subtilis, amaimeza. Frederick Griffith ndiye anaziona koyamba mu 1928, pa mabakiteriya oyambitsa chibayo. Njirayi ndi yamwayi. DNA yambiri imawonongeka msanga, kupatula yomwe yamatirira ku dongo, ndipo kachidutswa kotoledwako kamakhazikika makamaka ngati kakufanana ndi majini a wotolayo.

Yachiwiri ndi kupatsirana, yomwe Joshua Lederberg ndi Edward Tatum anaitulukira mu 1946. Apa onse awiri ali moyo. Amakhudzana, wina n'kupatsa mnzake plasmid, kamkombero ka DNA kodzichulukitsa kokha. Plasmid imadutsa ngakhale pakati pa mitundu ya mabakiteriya yosiyana kwambiri, makamaka m'mbali mwa mizu, pomwe chakudya n'chambiri.

Ine yondidetsa nkhawa ndi yachiwiriyi. Ma plasmid ena amanyamula majini olepheretsa mankhwala a antibayotiki kugwira ntchito, ndipo nkhuku zomwetsedwa mankhwalawa zimatulutsa mabakiteriya otere m'zitosi. N'chifukwa chake manyowa ndimayamba ndawaunjika kuti atenthe ndi kuwolerana bwino, ndisanawathire pa masamba omwe ana anga adzadye.