Mamma Mia! ku London: nyenyezi zinayi pa zisanu

Amayi atabwera kudzandiona kuno ku UK ndinawagulira matikiti a sewero la nyimbo la Mamma Mia! ku Novello Theatre. Nyimbo za ABBA amazikonda kuyambira kale, ndipo ine ndinakula ndikuwamva akung'ung'udza "Chiquitita" kwinaku akusita zovala. Matikitiwo ndinagula mochedwa, ndiye tinakhala pamwamba penipeni. Limenelo ndi vuto langa, koma ngati mukupita ndi munthu wamkulu gulani msanga mipando yapansi.

Ndinkaopa kuti angotenga nyimbo za gulu la ku Sweden lija n'kuzisokerera pa nkhani yopanda mutu. Nyimbozi zinapekedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene seweroli linayamba mu 1999 kuno ku London. Koma Catherine Johnson, amene analemba nkhaniyi, anaziluka bwino moti zambiri zimamveka ngati anapekera seweroli. Nkhani yake ndi ya Sophie, mtsikana wa pachilumba china ku Greece, amene ukwati wake wayandikira koma bambo ake sawadziwa. Atawerenga kabuku ka zinsinsi ka mayi ake, Donna, anaitana amuna atatu, Sam, Bill ndi Harry, poganiza kuti akangowaona adziwa bambo ake.

Apa amayi anandigunyuza n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, kodi mtsikanayu alibe amalume? Nanga ankhoswe ali kuti?" Ndinaseka mpaka mzungu amene anali kutsogolo kwathu anacheuka.

Pamene ndalama yanga inabwerera ndi pa "Slipping Through My Fingers". Donna akuveka mwana wake zovala zaukwati, akumupesa tsitsi, akuyimba za mwana amene wakula iye akuona koma osamugwira. Björn Ulvaeus wa gulu la ABBA anailemba poganizira mwana wake wamkazi akupita kusukulu, ndipo pa siteji imalasa mtima kuposa pa wailesi. Amayi anangoti zii. Nditawayang'ana ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinachoka pakhomo zaka zambiri zapitazo, ndiye sindinafunse.

Filimu ya 2008 ndinaionera kangapo. Ili ndi nyanja yokongola ya ku Skopelos komanso Meryl Streep, koma mawu a Pierce Brosnan poyimba, pepani, si a kwaya. Pa siteji oyimba onse ndi akatswiri, ndipo bandi ikuyimba pompo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Nthabwala zina ndi zolaula pang'ono, za kuchipinda, moti ukakhala pafupi ndi kholo lako umasowa poyang'ana. Komanso amayi anadikira "Fernando" mpaka mapeto koma sanaipatse malo ake. Imeneyo ili mu filimu yachiwiri ya 2018, amayimba Cher.

Seweroli limatenga pafupifupi maola awiri ndi theka, kuphatikizapo nthawi yopuma. Musathamangire kutuluka nkhani ikatha, chifukwa amabweranso atavala zonyezimira n'kuyimba "Dancing Queen" ndi "Waterloo", imene ABBA inapambana nayo Eurovision ku Brighton mu 1974. Holo yonse inaimirira. Amayi, amene tsiku lonse ankadandaula za mawondo, anavina mpaka ndinachita kuwagwirira chikwama.