Fyuluta yaitali ya oyilo pa Hilux yanga, zomwe ndaona patatha ma sevisi atatu

Nkhaniyi anaiyambitsa ndi mnyamata wina wa pa shopu ya ma sipeya mtauni muno mu Lilongwe. Ine ndinangopita kukagula fyuluta ya oyilo ya nthawi zonse ya Hilux yanga ya petulo ija, 2.7, injini ya 2TR-FE, iye nkundiyang'ana nkuti bigi, galimoto yanuyi imagwira ntchito ya bulu, ka fyuluta kakafupika kakuipanikiza injini, bwanji osayikako yaitali? Anatulutsa ziwiri nkuziimika pa kauntala, ina yofika masentimita 9 kutalika, inayo cha mma 12, kunenepa kofanana. Akuti yaitaliyo pulesha ya oyilo imakwera, injini imazizira, mafuta imamwa pang'ono, ndipo sevisi mutha kumadumphitsa. Zinthu zinayi pa chitini chimodzi. Mtengo unali wokwererapo ndithu, ndipo mukudziwa mmene ma sipeya anapengera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, komabe ndinagula, chifukwa pikapu imeneyi ndi imene imadyetsa banja, imatuta soya ndi mtedza ku Kasiya ndi ku Nsundwe uko, misewu yafumbi yokhayokha, ndiye ukamva kuti pali chinthu choteteza injini mtima umafewa msanga.

Ndinapita nayo kwa amakaniko anga, madala ena ake a ku Biwi amene akhala akuigwira galimotoyi chiigulireni. Anaitulutsa mu katoni, kuizunguza, kusuzumira mkati, kenaka analowa pansi nkuyamba kuimanga ndi manja. Itangozungulira kawiri katatu anaigwedeza, ine ndikumva kuti khwekhwe. Anatuluka nkuti achimwene, iyi mukaibweze, si yanu iyi. Vuto linali mazinga. Injini yangayi imafuna fyuluta ya mazinga a 3/4-16, a mainchesi aja, pomwe imene anandipatsayo inali ya M20 x 1.5. Ndiye choopsa chake nchoti ziwirizi zimayandikana kwambiri, 3/4 ya inchi ndi mamilimita 19 ndi kakang'ono pamwamba, inayo ndi 20, ndiye ya M20 imalowa bwinobwino pa chitsulo cha 3/4, imamangika mpaka labala wa kukamwa kwa fyuluta kugunda, iwe nkumati zatheka, koma yangogwira nsonga za mazinga zokha. Mmawa wina kukuzizira oyilo ali wolimba, pulesha ikakwera, imatha kufwamphuka oyilo yense nkukhuthukira pansi, ndipo ukakhala uli pa liwiro pa M1 pomadzaona ka nyali kofiira injini yanoka kale. Ndinabwerera ku shopu, mnyamata uja anayamba kaye kukana kuti zonse nzofanana bigi, mpaka ndinamuuza aitanitse buku lawo la manambala, ndi pomwe anandisinthira nkundipatsa yaitali ya mazinga oyenera. Kupepesa ayi ndithu.

Yachiwiriyi madala anaivomera koma atayang'ana zinthu zingapo. Labala wake anamuyika pamwamba pa wa yakale kuona ngati akukhala malo amodzi. Anasuzumira mkati kuona ngati muli bypass valve, ka valavu kolambalalitsa oyilo fyuluta ikatsekeka. Atamanga analowetsa zala kumapeto kwake kuona ngati sikugunda chitsulo chilichonse, chifukwa injini imagwedera pa ma mounting ake, ndiye malo amene akuoneka okwanira galimoto itaima amatha kuchepa ukamadumpha mabampu, chitini nkumakhuzika pang'onopang'ono mpaka kubooka. Pa yangayi malo analipo. Sindinganene za pikapu ina iliyonse, ndipo a Ford Ranger za 2.2 ndi 3.2 zija nkhaniyi sikukukhudzani nkomwe, zanuzo ndi za pepala lolowetsa mu kapu yomangirira pa injini, palibe chotalikitsa.

Tsopano zomwe analonjeza mnyamata uja. Pulesha sinakwere. Madala ali ndi geji yawo yomangirira pamalo pa switch ya oyilo, tinayeza injini itatentha, singano inali pomwe imakhala kale. Ndipo ukaganiza bwino palibe chifukwa choti ikwere, pampu ya oyilo imakankha muyeso womwewo pa kuzungulira kulikonse kwa injini, pulesha imabwera chifukwa oyiloyo akupanikizika kudutsa mmipata ya ma bearing, ikapyola malire relief valve ya pa pampu imatsegula nkubweza wina mu sampu. Fyuluta yabwinobwino yosatsekeka imangodya kapulesha kochepa kwambiri, kaya ndi yaifupi kaya yaitali. Mafuta ndiye musandifunse, 2.7 imamwa ngati mmene imamwera, pa mzere wa pa filling station ndimaima chimodzimodzi ndi anzanga a fyuluta yaifupi. Kuzizira kwa injini nakonso singano ya temperecha sinasunthe. Oyilo wowonjezera amene amalowa mu chitini chachitalicho ndinayeza ndekha ndi botolo, ndi ngati theka la botolo la Fanta la 300ml lija, pa injini imene imadya malita asanu ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mundiuze kuti theka la Fanta lingaziziritse injini imene yasenza matumba 20 pa chitunda.

Koma sikuti ndi bodza lokhalokha ayi, phindu lilipo, kungoti lili pamalo pomwe sungalione ndi maso. Mkati mwa fyuluta muli pepala lopindapinda, oyilo amalowera mu timabowo ta mmbali, kudutsa pepalalo, nkutulukira pa bowo la pakati kupita ku injini. Pepala likakana kudutsitsa oyilo, kaya chifukwa ladzadza zinyalala kaya chifukwa oyilo wazizira wakhala ngati uchi, bypass valve ija imatseguka nkumulola oyilo kulambalala pepala, chifukwa kuli bwino injini ilandire oyilo wakuda kusiyana nkuti isalandire konse. Pa ma fyuluta a mtundu umenewu imatseguka kusiyana kwa pulesha kunja ndi mkati mwa pepala kukafika cha mma 8 mpaka 11 psi, sikufika ndi bar imodzi yomwe. Ndiye pepala likakhala lalikulu oyilo amakhala ndi malo ambiri odutsira, valavu ija imatseguka mwa apo ndi apo, komanso limasunga zinyalala zambiri lisanatsekeke. Phindu lake ndi limeneli basi. Kwa munthu amene amadzuka 4 koloko mmawa mu June ku Dedza nkungoliza galimoto nkuponda moto nthawi yomweyo, kapena amene sevisi amaiiwala mpaka oyilo kusanduka phula, pali kanthu. Kwa ine amene ndimasintha oyilo pa 5,000 km iliyonse chifukwa cha fumbi, fyuluta yaifupi ija sinafikepo podzadza nkomwe, ndiye malo owonjezerawo ali ngati kumanga nkhokwe ya ngolo khumi iwe ukukolola ngolo zitatu.

Chimene anthu ambiri amasokoneza, ndi ine ndemwe poyamba, nchakuti yaikulu ndiye kuti imasefa bwino. Ayi. Kusefa kumatengera pepala lenilenilo, kuti timipata take ndi tating'ono bwanji, ma micron aja. Sefa ya ufa ikhale yaikulu ngati lichero, ngati mabowo ake ndi akuluakulu gaga adutsa basi. Fyuluta yaifupi ya pepala labwino imagwira tizinyalala tating'ono kuposa yaitali ya pepala lachabechabe.

Izi ndinadzaziona ndi maso pa sevisi yachiwiri, ndipo apa mpomwe ndinaphunzira zambiri kuposa zonse. Yaitali yoyamba ya mazinga oyenera ija itatha ndinagula ina yaitali pa shopu ina, ya dzina lina, yotchipirapo, katoni yowala bwino. Patangotha masabata angapo galimoto inayamba kachizolowezi koti ikagona usiku, mmawa poliza imachita phokoso, gwalagwala kwa masekondi awiri atatu, ka nyali ka oyilo nkumachedwa kuzima. Injini ya 2TR-FE ili ndi tcheni osati lamba, tensioner yake yokungitsa tcheniyo imadalira pulesha ya oyilo, VVT-i yosintha nthawi yotsegukira ma valavu a injini nayonso imayendera oyilo, ndiye oyilo akachedwa kufika pamwamba umamva ndithu. Mtima unali phaa, ndimati tcheni yatha, ndalama zija. Madala anangomvetsera mmawa umodzi nkuti tichotse kaye fyulutayi tisanayambe kumasula injini ya munthu.

Anaichotsa, kuisiya idonthe, nkuimanga pa vayisi nkuidula ndi sowo mozungulira cha kumutu. Anadulanso yaitali yoyamba ija imene inali ikadali mu diramu la zinyalala, ndi yaifupi yakale imene ndinabwera nayo poyamba paja, zitatu kuziyala pa katoni pansi. Aise. Yotchipa ija chitini chinali chachitali inde, koma pepala mkati linali lalifupi, pansi anangoyikapo sipuling'i yaitali yodzadzitsira malo, mapindo ake otalikirana ngati mano a nkhalamba, guluu wake atamatuka mbali imodzi. Titatambasula mapepala onse atatu pansi, la yaifupi ija linali lalitali kuposa la yotchipayo, tangoganizani. Ndiye labala wamkati uja, amene amatseka timabowo ta mmbali kuti oyilo asabwerere mu sampu injini ikazima, anti-drainback valve, pa yotchipayo anali wakuda wouma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, madala anamupinda nkuthetheka pomwepo. Pa yaitali yoyamba ija anali wofiirira, wa silicone, wofewa ngati watsopano. Ndiye usiku oyilo amatsika, mmawa pampu imayamba kaye yadzadzitsa chitini ndi njira zonse isanatumize kumwamba, ndipo chitini chikakhala chachikulu ndiye kudikirako kumatalikirako. Apa kukula kunasanduka chilango. Tinayika ina yabwino phokoso linatheratu tsiku lomwelo, tcheni ilibe mlandu.

Madala ananena mawu amodzi akupukuta manja, akuti achimwene inu mukulimbana ndi khomo la kuseri pomwe wakuba akulowera khomo la kumaso. Amanena fyuluta ya mpweya. Anatsegula bokosi lake nkupititsa chala mkati mwa paipi yopita ku injini, chala chinatuluka chofiira ndi fumbi la ku Kasiya, kilipu imodzi ya bokosilo inali itathyoka kalekale ine osadziwa, ndipo anyamata a pa car wash anali ndi chizolowezi choipopera fyulutayo ndi mpweya wa kompuresa mpaka pepala kuchita timing'alu. Fumbi limenelo ndi mchenga weniweni, limadya ma ring ndi ma silinda lisanafike nkomwe ku oyilo, fyuluta ya oyilo ikhale yaitali ngati mtondo singabweze zomwe zadyeka kumwambako. Ndinachita manyazi pang'ono, miyezi yonseyi ndikuyeza ma sentimita a chitini.

Chinanso choti mudziwe mukafuna kuyesa, oyilo muwonjezereko pang'ono, lizani injini kaye mphindi imodzi, zimitsani, dikirani, kenaka muone pa dipstick, osangothira muyeso wa mu buku nkunyamuka. Labala wa fyuluta mumupake oyilo pang'ono musanamange, ndipo kumanga ndi manja basi, labala akagunda muzungulitse pafupifupi magawo atatu a anayi, osati zomangira sipanala zija mpaka pochotsa kuchita kubaya ndi sikuludiraiva. Muonenso kuti labala wakale sanatsalire pa injini, awiri akasanjikizana oyilo amapopera panja ngati paipi yophulika. Ndipo ngati pikapu yanu ikadali pa waranti musayerekeze, injini ikavuta adzangoona nambala ya fyuluta yosakhala yawo nkukuuzani kuti pitani bwino. Yangayi waranti inatha ana anga asanayambe sukulu.

Ndiye ndiipatse zingati? Yaitali yabwino ija, ya mazinga oyenera, labala wofiirira, pepala lodzadza chitini, ndiipatsa zitatu pa zisanu. Siinalakwe kanthu, inagwira ntchito yake bwinobwino, sinadonthe, koma pa zinayi zomwe ndinalonjezedwa zitatu sizinachitike nkomwe, ndipo chachinayi chodumphitsa sevisi sindinayese dala, oyilo amatha mphamvu ndi kutentha komanso petulo amene amatsikiramo, zimenezo fyuluta sichotsa. Yaitali yotchipa ija ziro, ndipo ndikanakonda kubwezeredwa ndalama ndi tulo tomwe ndinataya poganiza za tcheni. Mnyamata wa mazinga olakwika uja sindinabwererekonso.

Sevisi yachitatu yakwana sabata yathayi, ndinafunsa yaitali yabwino ija mmashopu ena anati yatha sitikudziwa ibwera liti, nkhani ya forex. Ndinangotenga yaifupi ya nambala ya mu buku, ndinasuzumira mkati kuona labala wofiirira, chenji chake ndinawonjezera nkugula fyuluta ya mpweya yatsopano ndi kilipu ya bokosi lija kwa anyamata ophwasula magalimoto. Mapepala atatu aja madala anawakhomera pa khoma la galaja, akuti aziwaonetsa ena obwera ndi zitini zazitali.