Ashokarishta: mankhwala ndi abwinoko, koma wogulitsa anandibisira za mowa

Botolo la Ashokarishta la 450 ml ndinaligula pa mtengo wake wanthawi zonse pa sitolo ina ya mankhwala achikhalidwe cha ku India otchedwa Ayurveda kuno ku Kochi, ku India, chifukwa kwa miyezi ingapo ndinkataya magazi ambiri ndikakhala kumwezi, ndipo amayi a kuno amati khungwa la mtengo wa ashoka ndilo limathandiza chiberekero. Dzina lakelo m'chinenero cha Sanskrit limatanthauza "wopanda chisoni", koma chisoni chinandipeza tsiku loyamba lomwe.

Ndinamufunsa wogulitsayo kawiri konse kuti m'botolomo muli chiyani, iye n'kuyankha maso ali pa foni kuti, "Ndi khungwa la mtengo basi, mayi." Nditafika kunyumba n'kutsegula, fungo limene linatuluka linali la thobwa logonera masiku atatu, ndipo nditalawa pakamwa panatentha. Ine mowa ndinali ndisanaulawepo chibadwire. M'mawa mwake ndinabwerera ndi botololo, koma mnyamatayo anangoseka, akundiloza timalemba tating'ono tonena za mowa kumbuyo kwa botololo, n'kunena kuti chotsegula sichibwezedwa. Kusekako n'kumene kumandiwawabe, chifukwa mawu awiri okha akanakwanira.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi agogo a nyumba yoyandikana ndi yathu. Iwo anandifotokozera kuti khungwalo amaliwiritsa, n'kuthiramo shuga wa nzimbe wosayeretsa ndi maluwa a dhataki, kenako amavundikira kwa mwezi wathunthu kuti zisase, ndipo mowa wochepawo umadzipanga wokha n'kumasunga mankhwalawo kuti asawonongeke. Anandichenjezanso kuti ndisamagule khungwa lopera la m'mapepala, chifukwa ena amasakanizamo la mitengo yaitali yowongoka ya m'mbali mwa misewu ija, imene imatchedwanso ashoka pomwe si ashoka weniweni wa maluwa ofiirira, amene asayansi amamutcha Saraca asoca.

Nditaganiza kwa sabata, ndinayamba kumwa masupuni awiri osakaniza ndi madzi ofanana nawo ndikatha kudya. Mwezi wachiwiri m'mimba simunapotokole ngati kale ndipo masiku anachepako, ngakhale sindingalumbire kuti ndi botololi lokha, popeza adokotala anali atandipeza ndi vuto la kuchepa magazi n'kundipatsa mapiritsi a ayironi. Adokotalawo anati woyembekezera asamwe popanda kufunsa. Mankhwalawa ndiwapatsa nyenyezi zinayi, koma botolo lachiwiri ndakagula kutsidya kwa msewu.