Jakisoni wa PRP pa bondo la nyamakazi: thandizo limene mayi anga analandira pachipatala cholipira ku Tete

Chipatala china cholipira cha mumzinda wa Tete ku Mozambique, chimene sindichitchula dzina, chimabaya odwala nyamakazi ya m'mawondo jakisoni wotchedwa PRP, wopangidwa kuchokera ku magazi a wodwala mwiniwake, ndipo mbiri imene yafika kuno ku Angónia ndi yakuti jakisoniyu amameretsanso chicherewecherewe chimene chinaperepeseka. Mayi anga analandira thandizoli chaka chatha, ine ndikuwaperekeza. Ogwira ntchito pachipatalapo ndi aulemu ndiponso aukhondo, ndipo pa zimenezi ndikuwayamikira ndi mtima wonse. Koma mawu akuti chicherewecherewe chidzameranso, amene analembedwa pachikwangwani cha m'chipinda chodikirira ndiponso amene anatikoka kuti tipiteko, sanakwaniritsidwe, ndipo sayenera kunenedwa kwa wodwala aliyense.

Kumapeto kwa fupa la ntchafu ndi pamwamba pa fupa la msongolo pamakhala chicherewecherewe choterera, chochindikala mamilimita 2 mpaka 4 okha, chimene chimachititsa kuti mafupa asakhulane munthu akamayenda. Mulibe mitsempha ya magazi m'menemo, n'chifukwa chake chikawonongeka sichipola ngati mmene limapolera bala la pakhungu kapena fupa lothyoka. Dokotala wa ku Scotland, William Hunter, analemba za kusapola kumeneku kale mu 1743. Bungwe la World Health Organization limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi yoperepesa chicherewecherewe, 365 miliyoni mwa iwo m'mawondo, ndipo ochuluka anali amayi. Mayi anga ali m'gulu limenelo. Alima mbatatesi ndi chimanga m'mapiri a ku Domué moyo wawo wonse, ndipo pofika chaka chatha anali atasiya kugwada kutchalitchi, kunjuta kunali kosatheka, ndiponso m'nyengo yozizira ya June ndi July bondo linkauma m'mawa mpaka ankadzuka mogwirira khoma.

Kulandiridwa kwathu kunali kwabwino. Adokotala ankalankhula Chipwitikizi, koma anaitana namwino wodziwa Chichewa kuti mayi amve okha zonse ndi kudziyankhira, osati kudzera mwa ine. Anawajambula bondo ataimirira, monga mmene ziyenera kukhalira, popeza mpata wa pakati pa mafupa umaoneka bwino thupi likalemera pamwendo. Kabayidwe kake n'kosavuta kumvetsa. Amatenga magazi pamkono wa wodwala mwiniwake, n'kuwazunguza m'makina mpaka atalekana, kenako amatapa gawo lachikasu lodzala ndi tizigawo timene timaundanitsa magazi pabala, n'kulibaya m'bondo. Singano ndi mabotolo ankatsegulidwa ife tikuona, khungu linkatsukidwa mosathamanga, ndipo mayi sanadwalepo chifukwa cha jakisoniyo. Chimene achipatala sanachiganizire ndi ulendo. Majakisoni amaperekedwa motalikirana masiku, ndiye munthu wochokera ku Ulongué amayenera kukwera chapa (minibasi) mobwerezabwereza, kudutsa pa Mussacama ndi Moatize bondo lili chopindika kwa maola ambiri, ndipo mayi ankafika kunyumba mwendo utatupa kuposa mmene unalili ponyamuka.

M'milungu yotsatira ululu unachepa ndithu, mayi n'kumagona bwino usiku. Kuzizira kutabwerera, ululu nawo unabwerera, ndipo chithunzi chachiwiri chinasonyeza mpata wopanikizika ngati poyamba. Nditafunsa kuti, “Adokotala, nanga chicherewecherewe chija chamera pati?” anayankha kuti matupi amasiyana. Yankho limeneli silinandikhutiritse, chifukwa nkhaniyi inafufuzidwa kale mosamala. Mu 2021 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wotchedwa RESTORE, amene anachitika ku Australia motsogozedwa ndi Kim Bennell. Odwala 288 anagawidwa pawiri: ena anabayidwa PRP katatu, ena madzi amchere chabe, onse osadziwa chimene alandira. Patatha miyezi 12, magulu onse awiri ananena kuti ululu wachepa, kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri moti sikukanawerengedwa, ndipo makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, sanasonyeze kuti PRP wateteza kapena kuwonjezera chicherewecherewe. Izi zikutanthauza kuti mpumulo umene mayi anaupeza unali weniweni kwa iwo, koma sungakhale umboni wakuti china chake chinamera m'bondomo, pakuti ululu wa nyamakazi umakula ndi kutsika pawokha, ndiponso munthu akasamalidwa bwino n'kupumitsa mwendo amamva kupepuka. Kafukufuku wina wocheperako anapezapo kuti PRP amachepetsa ululu kwa miyezi ingapo mwa odwala amene bondo silinathe kwambiri. Chipatala chikanalonjeza zokhazo, sindikanadandaula.

Maganizo okonzanso chicherewecherewe si bodza lopeka, ndipo n'kofunika kumvetsa pamene amagwira ntchito. Mu 1994 madokotala a ku Gothenburg m'dziko la Sweden, Mats Brittberg ndi Lars Peterson pamodzi ndi anzawo, anafalitsa zotsatira za odwala 23 amene anawachotsa kachidutswa ka chicherewecherewe chabwino, n'kuchulukitsa maselo ake mu labotale, kenako n'kuwabwezera pamalo povulala. Njira yotukulidwa kuchokera pamenepo, yotchedwa MACI, inavomerezedwa ku United States mu 2016. Koma njirazi ndi za bala limodzi lozunguliridwa ndi chicherewecherewe cholimba, kawirikawiri mwa munthu wachinyamata amene anavulala pamasewera kapena pangozi. Chigamba chimagwira pansalu yolimba imene yabooka pamodzi, koma pansalu yoperepeseka paliponse ulusi umasowa pogwira. Bondo la nyamakazi ya ukalamba limakhala litasintha lonse: fupa la pansi limalimba ndi kumera timinyanga m'mbali, nembanemba yokuta mfundo imatupa, minofu ya ntchafu imafooka, ndipo nthawi zambiri mwendo umayamba kupindika ngati uta.

Chimene chinandipweteka mtima kwambiri chinachitika pa ulendo womaliza. M'malo movomereza kuti thandizo lafika pamapeto ake, anatiuza kuti pali jakisoni wina wamphamvu koposa, wa maselo otengedwa m'mafuta a m'mafupa a m'chiuno kapena m'mafuta a pamimba, amene angatilumikizitse nawo kunja kwa Tete, ndipo mtengo wake unali wokwera kwambiri kuposa woyamba. Tinakana. Mu 2023 magazini ya Nature Medicine inafalitsa kafukufuku wa ku United States wa odwala oposa 400, ndipo patatha chaka chimodzi majakisoni a maselowa sanapose jakisoni wamba wa steroid, wochepetsa kutupa. Bungwe la madokotala a nyamakazi la American College of Rheumatology, m'malangizo ake a 2019, linaletsa mwamphamvu kugwiritsa ntchito PRP ndi maselowa pa nyamakazi ya bondo ndi ya m'chiuno, mwa zina chifukwa chakuti kakonzedwe kake n'kosiyanasiyana moti wodwala sadziwa chimene akubayidwa. Kuti tilipire majakisoni oyamba aja pamodzi ndi maulendo, banja lathu linagulitsa ng'ombe yokoka ngolo, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti ng'ombe yotere ndi imene imatuta manyowa kupita kumunda ndi mbatatesi kupita kumsika. Munthu amene akutaya chuma chotere ayenera kuuzidwa zoona zonse asanatulutse metical ngakhale imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti thandizo limene lakhalitsa ndi limene achipatala ankaliona ngati chowonjezera chabe. Mayi wina wophunzitsa mafizo anakhala nawo pansi mayi anga modekha, n'kuwaonetsa kuwongola mwendo atakhala pampando ndi kuugwira choncho kwa kanthawi, kudzuka pampando popanda kukankha ndi manja, ndiponso kukweza mwendo wowongoka atagona chagada. Anawauza kuti, “Amayi, ndodo muzigwirira dzanja la mbali imene sikupweteka,” chinthu chimene ambiri amachita mosemphanitsa. Anafotokozanso kuti munthu wonenepa akatsitsa kilogalamu imodzi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa sitepe iliyonse, ndiponso kuti mankhwala opaka ochepetsa ululu a diclofenac ndi abwino kwa okalamba kuposa mapiritsi a ibuprofen ogula pamsika, amene akamwedwa tsiku ndi tsiku amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Mayi akupitiriza mafizowa m'mawa uliwonse, tinawakhomera mpando wokwera m'chimbudzi, ndipo tsopano amafika kudimba popanda wowagwira, ngakhale kuti kugwada sanayambirenso. Malangizo otere munthu angayambe wawafunsa kuchipatala cha boma cha Ulongué kapena kuchipatala chachikulu cha chigawo ku Tete asanaganize zogulitsa chiweto.

Kwa eni chipatalachi ndili ndi zopempha zimene angathe kuchita mawa lomwe. Achotse pachikwangwani mawu olonjeza kumeretsa chicherewecherewe, ndipo auze poyera odwala amene mafupa awo akukhulana kale kuti chimene chingawathandize ndi kuonana ndi dokotala wa mafupa za opaleshoni yoika bondo lochita kupanga. Alembenso kapepala ka m'Chichewa ndi m'Chinyungwe kofotokoza zizindikiro zoopsa, chifukwa ife tinangouzidwa pakamwa m'mphindi yotuluka: bondo likatentha, kufiira ndi kutupa kwambiri m'masiku otsatira jakisoni, makamaka thupi likatenthanso, n'kutheka kuti majeremusi alowa m'mfundo, ndipo wodwalayo ayenera kufika kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.