Chakudya chogawa ku Bangwe: thumba ndi lolemera, koma ndiwo zachepa

Gulu lina la amayi a mumpingo ku Bangwe limagawa chakudya kwa okalamba ndi mabanja olera ana amasiye kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo ntchitoyi idakula kwambiri namondwe wa Freddy atasakaza Blantyre mu Marichi 2023. Kayendetsedwe kake nkoyamikika, chifukwa mayina amalembedwa mothandizana ndi mafumu a m'deralo, okalamba amapatsidwa pokhala m'malo moima padzuwa, ndipo palibe amene amajambulidwa akulandira thumba.

Chodandaulitsa chili m'thumbamo. Mumakhala ufa woyera, shuga, mchere, mafuta ophikira ndi nyemba pang'ono. Amayiwa amasamala pogula katundu wokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, choncho shuga ndi mafuta zimakhala ndi vitamini A, mchere nawo uli ndi ayodini. Komabe pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo, zanyama, zamasamba ndi zipatso mulibiretu. Nsima ya ufa woyera ndi yokoma, palibe angatsutse, koma pokonola chimanga zambiri zopatsa thanzi zimapita ndi gaga, pamene mgaiwa umazisunga.

Nkhani ya nyemba ndiyo ifunika kuiganizira mofatsa. Nyemba zouma zimakhalitsa pamoto, ndipo gogo amene akusowa ndalama ya ndiwo sangapeze ya makala okwanira kuziphika mpaka zipse, mwakuti ena amangozisinthanitsa ndi tomato kapena sopo. Bonya, nsinjiro ndi nyama ya soya zimapsa msanga ndipo sizivuta kusunga m'nyumba yopanda firiji. Mfutso wa nkhwani kapena wa chitambe umakhala miyezi osawonongeka, ndipo amayi a mumpingowo akhoza kufutsa okha masamba akachuluka pamsika.

Ana aang'ono aiwalika. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, choncho banja lolera ana likadayenera kulandirako Likuni Phala, yemwe ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Ndalama yake ingapezeke pochepetsa shuga, amene pakali pano akudya gawo lalikulu la zopereka. Ofuna kuthandiza gululi angachite bwino kubweretsa mtedza ndi bonya, pakuti ufa amayiwa ali nawo kale wokwanira.