Kachubu ka mankhwala atatu kaja: mmene nkhope yanga ilili pano

Alamu anga a ku Kamwendo anditumizira uthenga dzana: "Alamu, mafuta munkawatama aja akadali abwino? Mtsikana wanga watuluka ziphuphu, ndikufuna ndimugulire." Ndawauza kuti asagule, koma zifukwa zake sizikanakwana pa foni, n'chifukwa chake ndikulemba pano.

Ndikunena kachubu kolembedwa kuti muli clotrimazole wa zipere, neomycin wolimbana ndi mabakiteriya, ndi betamethasone amene ali m'gulu la ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Ndinkagula kwa mayi wina wogulitsa zodzoladzola pano pa Mchinji boma, amene amakapikula katundu ku Chipata.

Zabwino zake sindikana. Kuyabwa kumaleka usiku womwewo. Chipere chimene ndinali nacho pakhosi chinaphwa msanga. Sanunkha, ndipo sadetsa kolala ya bulauzi.

Mavuto anayambira kumaso. Mayiwo ataona kuti pakhosi payera anati, "Asisi, muzidzolanso m'masayamo m'mawa ndi madzulo, mawanga a ziphuphuwo achoka." Mawanga anachokadi, nkhope inawala, mpaka anzanga a kukwaya ankandifunsa chimene ndikudya. Pofika m'nyengo yozizira, mu June, masaya anayamba kunyezimira mwachilendo, timitsempha tofiira n'kumaonekera pafupi ndi mphuno. Sopo amene ndasambira kuyambira utsikana anayamba kundiwotcha. Utsi wa mbaula, thukuta, fumbi la mu August, chilichonse chokhudza tsaya chinkalasa ngati ndapakapo tsabola. Ndikati ndisiye, pasanathe sabata nkhope inkafufuma, timatuza tofiira mbwee kuzungulira pakamwa, usiku osagona ndi kutentha. Ndikadzolanso, zii. Kachubu kakatha ndinkathamanga kukagula kena, osati chifukwa cha mawanga ayi, koma kuopa moto umenewo. Dzuwa la mu October litafika, pamwamba pa masaya panada kuposa mmene panalili ndisanayambe, pamene chibwano chinali chikadali choyezuka. Nkhope imodzi, mitundu iwiri.

Adokotala amene anandiona kuchipatala sanandikalipire. Anatenga kachubuko n'kuloza dzina la betamethasone. Anati mankhwalawa amafinya timitsempha ta magazi komanso amachepetsa melanin, utoto wakuda umene khungu limadzipangira podziteteza ku dzuwa, ndiye kuyera kuja sikunali kuchira. Chachikulu n'chakuti akadzoledwa kwa miyezi, khungu lapamwamba limapyapyala ndipo limasiya kupanga mafuta ake okwanira, aja amatseka mipata kuti madzi asatuluke. Limakhala ngati mtsuko wong'aluka: madzi akutayika, zapanja zikulowa. Khungu la kumaso ndi lopyapyala kale kuposa la m'manja kapena kumapazi, choncho steroid wamphamvu chonchi sayenera kukhalitsa pankhope, ndipo ziphuphu iye amaziwonjezera. Neomycin nayenso amatha kuyambitsa ziwengo mwa anthu ena. Chimene chinandiwawa mtima n'chakuti pa chipere chija, clotrimazole payekha, wotchipa, akanakwanira.

Anandisinthira ku hydrocortisone wa 1%, wofatsa, kuti ndizichepetsa pang'onopang'ono mpaka kulekeratu. Anati ndizidzola Vaseline khungu likadali lonyowa, ndizivala chipewa chachikulu, ndipezenso mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza). Masabata oyamba anali owawa, ndinkachita kufunda chitenje kumaso popita kumsika. Pano kutentha kwachepa ndipo sopo wopanda fungo ndikutha kusambira, koma timitsempha tija tikadalipo, ndipo kuda kwa m'masaya kukuchoka mwaulesi kwambiri.

Masiku ena ndikadzuka khungu lili bwino ndimati mankhwalawo alibe mlandu, anagwira ntchito imene anapangidwira, pakhosi mpaka lero palibe chipere. Koma ndikabwera kuchokera padzuwa masaya akuyaka, ndimafuna nditatola timachubu tonse ta pamsika n'kukataya m'chimbudzi, makamaka ndikaona atsikana a sekondale akugula tiwiritiwiri.

Za ndalama ndiye musanene. Kachubu ndinayamba kugula pa K3,500, kenako kanafika pa K6,000, ndipo mwezi sunkatha ndi kamodzi. Botolo limodzi la mafuta oteteza ku dzuwa, lomwe ndinachita kutumiza munthu kuti akandigulire ku Lilongwe, landidyera ndalama yoposa timachubu tinayi.

Ndinabwerera kwa mayi aja ndi timachubu tiwiri tosatsegula tomwe ndinagula kale, kuti andibwezere ndalama kapena andisinthire ndi Vaseline. Anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Asisi, khungu lanu langozolowera basi, tengani aka kamphamvu." Kamene anatulutsa kanali ka clobetasol 0.05%, amene adokotala anali atandichenjeza kuti ndi woposanso betamethasone. Nditafunsa ngati ali ndi chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno, anati iwo amagulitsa zodzola, osati mankhwala. K12,000 yanga anakana kubweza, ati katundu akatuluka pa benchi sabwerera. Sopo, mafuta a tsitsi ndi zina zonse zimene ndinkagula kwa iwo mwezi ndi mwezi, tsopano ndikugula kwina.